Tiipoti wa a Dunstan

Mukawaitana a Dunstan kudzadya, musadabwe akayamba atembenuza kaye supuni. Si mwano ayi, ndi matenda. Mkati mwa sabata amakonza makompyuta kubungwe lina kuno ku Nairobi, koma Loweruka, eee, amakwera matatu, minibasi za kuno, ku Pangani n'kukasanthula ziwiya zakale m'misika, kagalasi kokulitsira zinthu kali m'thumba.

Matendawa anawatenga ali mwana ku Mzuzu, kwa wansembe wina wa ku Ayalandi amene ankamwera tiyi m'ziwiya zasiliva zakwawo. Ndiye anawaphunzitsa kuwerenga tizidindo ta kunsi: zeze wovala chisoti chachifumu, mayi wokhala pansi, chilembo cha chaka, ndi zilembo za dzina la mmisiri. Chikulireni, a Dunstan anali asanagwirepo chiwiya chawochawo chokhala ndi zidindo zonsezi.

Tsiku lina anabwera ndi tiipoti wakuda bii. Zeze anaoneka, mayi anaoneka, chaka chinaoneka. Pa dzina la mmisiri pankangosuzumira kamchira ka chilembo pansi pa litsiro. Akaweruka ankapukuta pang'onopang'ono ndi kansalu kofewa, mtima uli m'mwamba.

Sabata yomweyo kunafika apongozi awo, mayi a mkazi wawo Vailet, kuchokera ku Dedza. Mayi aukhondo amenewo, poto wawo mumadzionerapo nkhope.

Lachitatu pobwera kuntchito, a Dunstan anapeza tiipoti ali patebulo, waliwali!

"Bambo," anatero apongozi, "mwana wangayu ulesi wamupweteka. Mpaka mwamuna kumapukuta yekha ziwiya? Ndakwecha ndi sitiliwulo, kunsiko ndachita kukatapa mchenga pomwe akumanga apo. Timaenje tosunga litsiro tija ndasalaza tonse."

A Dunstan anatembenuza tiipoti. Kunsi kuli see! Zeze, mayi, mmisiri, onse apita ulendo. Zinawapweteka zedi, misozi inachita kulengeza. Koma apongozi angawakalipire ndani? Vailet anathawira kukhitchini akutsokomola chifuwa chabodza.

"Zikomo kwambiri, mayi," anatero a Dunstan, uku akuwomba m'manja mwaulemu. "Mwagwira ntchito."

"Aaa, n'zochepa izi, mwanawe. Ndaona mukabatimo muli masupuni enanso akuda okhaokha. Mawa ndilawirira amenewo."

Mawa lake a Dunstan anatuluka kupita kuntchito chikwama chikulira ngwerengwere pamsana, kompyuta atayisiya kunyumba.