Chithunzi cha Ba Yusufu chili kuti?

Shopu yazithunzi ija ya m'tauni, pafupi ndi pokwerera mabasi a ku Kabwata, yandivula pagulu. Mpaka lero ndikuyenda chowerama.

Mvula itagwetsa nyumba kukomboni, ife azimayi a ku Libala tinasonkha sopo, zitenje ndi mabulangete n'kupita kusukulu kumene anthuwo akugona. Kumeneko ndinapeza Ba Halima, mkazi wa telala amene anandisokera diresi laukwati, malemu Ba Yusufu. Makina osokera anapita ndi madzi. Chomwe anatola m'matope ndi chithunzi chimodzi chokha cha amuna awo atavala kofia, kachisoti ka Asilamu kaja, mbali ina itafufutika.

Ine ndi pakamwa pangapa ndinati andipatse ndikakonzetse, chibwere chili m'fulemu. Anakana kawiri. Kachitatu anachikulunga m'mpango wawo n'kundipatsa.

Lachiwiri 9 koloko ndinali pakauntala. Mtsikana wapamenepo, maso ali pafoni, anati, "Ba mami, iyi ni simpo, kompyuta izakonza. K180, mubwele pa Friday." Ndinamuuza katatu kuti chakalecho ndidzachifunanso. Anati ndisavutike.

Lachisanu, akuti magetsi anazima. Lolemba, akuti wodziwa kompyuta ali kumaliro. Lachitatu 2 koloko anandipatsa phukusi lokulungidwa bwino, riboni pamwamba. Apa ndi pamene ndinapusa. Sindinatsegule. Ndinkafuna Ba Halima atsegule okha.

Anatseguladi, m'kalasi modzaza anthu. M'fulemumo munali bambo woyera ngati wodzola mafuta oyeretsa khungu, jekete, tayi, mano ali mbee. Kofia palibe. Ndevu palibe. Ba Yusufu anali munthu wakuda, wa mpata pamano. Inu a kushopu, kodi kompyuta yanuyo imadana ndi kofia? Anakutumani ndani kuti muwamange tayi m'khosi?

Ba Halima anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati mofatsa, "Zikomo mwana wanga. Ni babwino aba. Manje ba Yusufu bali kuti?"

Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire. Ndinalakalaka nthaka itandimeza.

Pokwana 4 koloko ndinali nditabwerera kushopu. Mtsikana uja anadabwa kuti ndakwiya. "Koma ba mami, tinabapanga smart!" Ndinati andibwezere chakale chija. Anatsegula drowa, anatseka, anatsegula ina. "Ija yadothi? Kapena bokolopa banataya. Inali kununkha matope." Kununkha matope! Nanga chinthu chotoledwa m'madzi osefukira chinunkhire pefyumu?

Manejala anatuluka akutokosa m'mano, akuti angandibwezere hafu. Hafu ya chiyani? Ya nkhope?

Inu eni shopu, ndalamayo khalani nayo. Fukulani m'mabini mwanu, funsani okolopawo, fufuzani m'kompyutamo. Ndikhala ndikubwera m'mawa uliwonse mpaka mutope nane. Ndipo inu mukuwerenganu, chithunzi chikakhala chimodzi chokha, musachisiye pakauntala ya munthu. Achijambule inu muli pomwepo, muchoke nacho m'manja. Musapuse ngati ine.

Dzulo ndinapita kukapepesa kwa Ba Halima. Fulemu ija anaitembenuzira kukhoma. Ndinkayembekeza kutukwanidwa, ndipo zikanandipepukira. Koma anandiyalira chitenje kuti ndikhale, n'kundiuza kuti ndisalire, chifukwa akatseka maso amawaonabe amuna awo. Chomwe akuopa, akuti, ndi tsiku limene adzatseke maso n'kuona bambo watayi uja.