Mpira Wofika pa Positi

Chaka chachiwiri chimwalirire mkazi wanga ndinkagwira ntchito pa nyumba ina yosamalirako okalamba ku Wakefield. Ntchito yanga inali kusambitsa, kudyetsa, kutembenuza ogona ndi kusintha zofunda. Ndinkalowa m'mawa n'kuweruka chakumadzulo, ndipo Lamulungu ndinkakwera sitima kupita ku mapemphero ku Leeds. Moyo wanga unali womwewo basi.

M'chipinda chakumapeto kwa khonde la m'mwamba munkakhala mkulu wina wa ku America. Anabwera ku Mangalande ali mnyamata, msilikali wa ndege, nakwatira mtsikana wa konkuno, osabwereranso kwawo. Mayiwo anali atatsogola kale ndipo ana analibe. Mapapo a mkuluyo anali atatha, moti ankapuma ndi kachubu m'mphuno. Anandiuza kangapo kuti ndiziwatchula dzina lawo loyamba monga ankachitira atsikana achizungu a pantchitopo, koma pakamwa panga pankakana. Munthu woposa bambo anga ondibala ndimutchule dzina ngati mnzanga wa kubusa? Ndinkawaitana kuti bambo. Iwo ankanditcha Mbusa chifukwa cha kaBaibulo kamene kankasuzumira m'thumba la yunifolomu yanga, ngakhale kuti ku mpingo kwathu ine ndinkangoyala mipando.

Za kwawo anatsala ndi chimodzi chokha, timu ya mzinda umene anabadwira ya bezibo, mpira wa ku America womenya ndi chibonga. Mwana wa mng'ono wawo ankajambula masewera a timuyo pa matepi a vidiyo n'kumatumiza pa positi, atatu kapena anayi m'kakatoni kamodzi. Kakatoniko kankayenda masiku anayi kapena asanu, mwina sabata yathunthu. Choncho m'chipinda chimenecho tinkakhala m'mbuyo mwa dziko. Anthu a ku America ankakhala atalira kale kapena kuvina kale, ife tisanaike n'komwe tepi m'makina.

Lamulo la mkuluyo linali limodzi: munthu asawauze zotsatira. Nyuzipepala isanalowe kwa iwo tinkayamba tang'amba tsamba lakumapeto, pamene nthawi zina pankalembedwa timizere ta masewera a kunja. Tsiku limene anaona kuti ndayamba kuchedwa pafupi ndi kanema, anandikodola.

"Mbusa, ika dzanja pa buku lakolo. Lumbira kuti sudzandiuza."

"Bambo, ife sitilumbira. Inde wathu amakhala inde."

"Ndiye nena inde, usandilalikire."

"Inde, bambo."

Poyamba ndinkaona ngati palibe chikuchitika. Ine ndinakulira mpira wamiyendo pa bwalo la fumbi ku Dedza, kumene munthu akaima amatukwanidwa. Apa amuna akuluakulu angoima pa kapinga, wina akutafuna, wina akulavula, wina akukonza chipewa.

"Kodi ayamba nthawi yanji, bambo?"

"Ayamba kale, wosaona iwe! Yang'ana zala za wonjuta uja. Akumuuza woponya choti aponye."

Pang'ono ndi pang'ono maso anga anatseguka. Pali woponya ndi womenya ndi chibonga. Akaumenya mpirawo amathamanga kuzungulira ngodya zinayi, ndipo akabwerera pamene anayambira ndiye chigoli. Masewerawo ali ndi ndime zisanu ndi zinayi, ndipo alibe wotchi. Satha chifukwa nthawi yakwana, amatha munthu womaliza akatulutsidwa. Mkuluyo ankalemba chilichonse pa pepala la timabokosi, mwa zizindikiro zimene anaphunzira kwa bambo awo, koma chaka chimenecho manja anayamba kunjenjemera kwambiri, ndiye pensulo inagwera ine. Nthawi yanga yopuma masana ndinkadyera buledi wanga m'chipinda mwawo, pepala lili pa bondo.

Timu yawo inali yozolowera kukhumudwitsa. "Anyamata amenewa andikalambitsa kuposa fodya," ankatero. Anandifotokozera kuti matimu amagawidwa m'zigawo, ndipo amasewera pafupifupi tsiku lililonse kuyambira Epulo mpaka kumapeto kwa Seputembala. Yomwe yatsiriza pamwamba m'chigawo chake ndiyo yapambana chigawocho. Timu yawo inali isanachite zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo iwo ankafuna kuziona ndi maso awo kamodzi kokha asanapite. Ankanena zimenezi mosabisa, ngati munthu amene akunena za basi imene akuidikira.

Chaka chimenecho anyamatawo anayamba bwino, ndipo mkuluyo sanakhulupirire. "Dikira Juni," anatero. Juni atafika woponya wawo wamkulu anavulala phewa, timu n'kuyamba kugonja motsatizana, mkuluyo n'kumangogwedeza mutu ngati munthu amene ulosi wake wakwaniritsidwa. Koma sanagwe mpaka pansi. Mu Ogasiti anayamba kukwera, osati modabwitsa ayi, koma ngati munthu wolima ndime yake osayang'ana ya mnzake. Pofika Seputembala anali phewa ndi phewa ndi timu ina, ndipo mkuluyo analeka kunyoza. Ankangoonera chete, dzanja litagwira chitsulo cha bedi.

Mwezi womwewo mpweya wawo unayamba kuchepa. Analeka kukhala pa mpando, chakudya n'kumangolawa. Masewera omaliza a chaka anachitika Lamulungu, ndipo kakatoni kake kanali kadakali m'njira. Lachiwiri nesi wa pa khonde lathu, mayi wa ku Zambia amene tinkamvana chinenero, anandikokera m'chipinda chosungira zofunda.

"Imwe ba Mbusa, dokota wakamba. Ba mudala banu sibazafika pa Sande."

"Matepi sanafike."

"Manje ine nichite bwanji? Niyende ku America na mendo?"

Nditaweruka ndinapita ku layibulale ya mumzinda, kumene ndinkawerengera nkhani za kwathu pa kompyuta. Ndinakhala nthawi ndithu ndisanalembe dzina la timuyo. Ndinadziuza kuti ndinalonjeza kusanena, sindinalonjeze kusadziwa. Lero ndikuona kuti kumeneko kunali kudzinyenga, koma tsiku limenelo zinamveka zanzeru. Ndinalemba, ndipo chithunzi chinatseguka pang'onopang'ono kuchokera pamwamba. Anapambana. Anatenga chigawo pa tsiku lomaliza lenilenilo. M'basi pobwerera ndinadzipeza ndikuseka ndekha, mpaka mayi wina wa pa mpando wa kutsogolo anacheuka. Ndinali ndisanaseke chotero chichokere ku maliro a mkazi wanga.

M'mawa mwake ndinaima pakhomo pawo ndili ndi mantha amodzi, akuti chimwemwe chioneka pankhope. Ndinaikonza nkhopeyo, kuimanga bwinobwino. Zotsalazo thupi linachita lokha, monga linaphunzirira kwathu. Kwathu munthu wonyamula uthenga waukulu salowa ali chiimire kwa wamkulu. Masiku onse ndinkalowa ndi kanyimbo pakamwa n'kuthamangira kutsegula makatani. Tsiku limenelo ndinagogoda, ndinalowa chowerama, ndinakoka kampando kopondapo mapazi n'kukhala m'munsi mwa bedi, manja pamodzi, maso pansi. Ndinafunsa mwapang'onopang'ono mmene agonera.

Ndinamva maso awo pamutu panga.

"Wayang'ana," anatero.

Ndinaweramitsa mutu kwambiri.

"Aluza."

"Bambo, sindinganene kanthu. Ndinalonjeza."

"Wanena kale. Ndinali msilikali ine, ndimawadziwa anthu olowa chotero." Anapuma kawiri katatu, kachubu kakulira. "Katoni ikafika ukaiponye m'bini. Tseka chitseko."

Anatembenukira kukhoma. Phala la m'mawa analikana, tiyi anamukananso. Nesi uja atatuluka m'chipindamo anandipeza ndikupinda mashiti a pabedi amene anali opinda kale.

"Mwabachita chani ba mudala? Bakana na mankhwala."

Ndinamufotokozera zonse. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Bawina, imwe mwangena monga mwabwela kulengeza malilo? A Malawi imwe! Olo pa ukwati mumaoneka monga mwataya ng'ombe. Yendani mukabauze."

"Ndinapereka mawu anga, mayi."

"Mau yanu muzayadya?"

Anatuluka ndi thireyi yake, ine n'kutsala ndi mashiti. Maganizo anga anali atapita kwina. Mkazi wanga anadwalira kumudzi, kumene anapita kukaona mayi ake. Mlamu wanga anaimba foni n'kunena kuti matenda akula, ndibwere. Ndinafunsa ngati akulankhula, iye anati akupumula. Ndinagula tikiti, ndinagulira mkazi wanga masokosi aubweya chifukwa mapazi ake ankazizira, ndipo ulendo wonse wa pa ndege ndinkapemphera kuti Mulungu amuchiritse. Pa bwalo la ndege ku Lilongwe ndinaona kuti odzandichingamira achuluka, ndipo pakati pawo pali akulu a mpingo atavala majekete. Anandikhazika pansi. Anali atamwalira foni ija isanaimbidwe.

Sindinawaimbepo mlandu abale anga. Ndi mwambo wathu, ndipo ndi wachifundo. Munthu wa paulendo wautali sumusenzetsa mtembo ali yekha pakati pa alendo. Inenso ndinachitirapo ena zomwezo. Koma masiku awiri amene aja ndinakhala m'dziko limene kunalibe, ndikupempherera munthu amene anali kale m'manja mwa Mwini wake, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti mapemphero amenewo anapita kuti. Tsopano ine ndinali nditaika munthu wina m'dziko limene kunalibe, ndipo lake linali loipa kuposa lenileni. Iye analibe masiku oti adikire positi idzamutulutsemo. Ndikanasunga inde wanga, mkuluyo akanapita ndi bodza limene nkhope yanga inanena. Ndinapemphera mwachidule pakati pa mashelefu, osapempha chizindikiro, kungopempha chikhululuko pa chimene ndinali nditatsimikiza kale.

Masana ndinalowa osagogoda. Ndinatsegula makatani onse, n'kuima chiimire pafupi ndi mutu wawo, zimene zinandivuta kuposa mawuwo.

"Bambo, ndikuphwanya lonjezo langa. Apambana. Atenga chigawo."

Sanatembenuke. "Wakutuma nesi uja kuti ndimwe mapilisi."

"Ayi, bambo."

"Munthu wakufa aliyense amamunamiza. Inde wako uja ali kuti? Ngati waphwanya mawu amodzi, ena ndiwakhulupirire bwanji?"

Funso limenelo linali lolungama. Ndinangoyamba kufotokoza chithunzi chija monga ndinachionera. Ndinati anyamata onse anaunjikana pakati pa bwalo, wina pamwamba pa mnzake ngati matumba a chimanga. Ndinati wonjuta uja, wonenepa uja, anali pansi pa onse, ankangooneka miyendo yokha ndi zotchingira maondo. Ndinati woponya wovulala phewa uja anali pambali atavala jekete, akulumpha ndi dzanja limodzi m'mwamba, linalo ataligwirizira pachifuwa. Ndinati mphunzitsi wawo wokalamba, amene chaka chonse sitinamuone akumwetulira, anali atavula chipewa, ndipo ndinadabwa kuona kuti ali ndi dazi.

Phewa lawo linayamba kugwedezeka. Ndinaganiza kuti akulira, kenaka ndinamva kuti n'kuseka, kuseka kopanda mpweya kumene kunathera m'chifuwa chachitali. Ndinawadzutsa n'kuwagwira msana mpaka chinatha.

"Dazi," anatero. "Ali nalodi. Iwe sukanapeka zimenezo, ulibe nzeru zake." Anapukuta m'maso ndi ngodya ya shiti. "Zaka zonsezi ndikudikira, ndiye ndidzamve kwa mbusa wa nkhope ya manda. Ukanakhala msilikali wanga ndikanakutsekera."

"Pepani, bambo."

"Pepani wakoyo. Bweretsa phala lija."

Anadya masupuni anayi kapena asanu. Sananene kuti andikhululukira, ndipo ine sindinafunse.

Kakatoni kanafika Lachisanu m'mawa. Pamenepo n'kuti akungogona nthawi zambiri, akudzuka pang'ono n'kubwereranso. Ndinapempha kwa oyang'anira kuti ndikhale nawo masana onse, ndipo nesi uja anatenga okalamba awiri amene ndinkawasamalira. Ndinadumpha matepi enawo n'kuika lomaliza. Ndinakweza mutu wa bedi, ndinawaveka magalasi, n'kukhala pa mpando pambali pawo.

Masewerawo sanayambe bwino. Timu inayo inagoletsa msanga, ndipo athu ankangomenya m'mwamba mipira yosavuta kuwakha. Ngakhale ndinkadziwa mathero, sindinkaona njira imene akanadutsa. Mkuluyo anali atatseka maso. Pa ndime yachisanu ndi chimodzi anawatsegula.

"Mbusa, akutsogola ndani?"

"Enawo, bambo. Zinthu sizili bwino."

Anayang'ana kanemayo kwa kanthawi, kenaka anandiyang'ana ine. Anasuntha dzanja lawo pa bulangeti mpaka linakhudza langa. Linali lozizira ndi lopepuka.

"Usaope," anatero. "Khala pansi bwino. Uona."

Anaonera ndime imeneyo ndi yotsatira yake maso ali gwa, milomo ikuyenda pang'ono nthawi iliyonse woponya akakweza mwendo. Athu atayamba kubweza, anafinya chala changa kamodzi. Ndime yachisanu ndi chitatu isanathe anagona, ndipo sindinawadzutse. Ndinachepetsa mawu a kanema n'kuonera ndekha mpaka munthu womaliza anatulutsidwa, dzanja lawo lili m'langa.

Anamwalira Loweruka chakumasana, ine ndikudyetsa munthu wina m'chipinda chachitatu kuchokera kwawo. Nesi uja anabwera n'kuima pakhomo, nandiuza mosazungulira. Ndinamaliza kudyetsa amene ndinkamudyetsayo, ndinamupukuta pakamwa, kenaka ndinapita kukawasambitsa.