Apongozi andipempha botolo lonse



Apongozi anga, amene anabereka bambo a Chisomo, ali ndi khansa. Kuchipatala anati tiziwasamalira kunyumba kuno ku Zakazaka, natipatsa botolo la mankhwala oziziritsa ululu ndi kajekeseni kopanda singano koyezera. Bambowo amalawirira kuphiri kukagulitsa zipatso. Woyeza ndine.

Lachiwiri m'mawa ndagwada pamphasa, mwana ali kumsana, apongozi anandigwira dzanja.

"Amake Chisomo, lekani zoyezayezazi. Ndimwetseni lonse ndikapume."

Mayo ine! Chikwatiwire sindinawayankhepo kuti ayi. Mpongozi amakanidwa? Koma ndikamvera, ndapha munthu. Ndinabisa botolo m'chitenje, ulendo wakuchipatala, wapansi, mwana akulira njira yonse.

Ndinapeza anamwino awiri. Ndimati adzidzimuka. Ayi ndithu! Wamkuluyo anangondikhazika pabenchi.

"Achemwali, si inu oyamba. Ifenso amatipempha, ena mpaka kutigwira yunifolomu. Ine ndingawonjezere mankhwala kuti ululu uthe. Kuti munthu athe, ayi. Sindinalumbirire zimenezo, ndipo lamulo silitilola."

Wamng'onoyo anayang'ana pansi. "Ine pena ndimakalirira kuseri, asisitala. Munthu akubuula chonchija, ndimadzifunsa ngati tikumuchitira chifundo."

"Lira, koma dzanja lako lisachite," anatero wamkuluyo.

Tsiku lotsatira namwino wamkuluyo anabwera kwathu. Sanawakalipire apongozi. Anakhala pamphasa pomwepo n'kufunsa, "Amayi, chikupweteka kwambiri n'chiyani?"

Ine ndimati atchula m'mimba.

"Mwanayu," anatero apongozi, akuloza ine. "Aliyense wobwera akuti watha, wawonda, khanda lake likusowa bere chifukwa chochapa nsalu zanga."

N'zoona, amatero. Amayi a kumpingo, achibale a ku Mbedza, onse. Amaimba, amapemphera, kenako pakhomo, chitseko chili pululu: "Koma mtsikanayu akuvutika, abale! Zidzatha liti?" Ine ndinkayesa akundimvera chisoni. Osadziwa kuti mawuwo akulowa m'nyumba.

Inu amene mumakazonda odwala, mumaganiza kuti munthu akatseka maso watsekanso makutu? Mumamusiyira mawu olemera chonchi, inu n'kukwera kabaza kumapita. Thewera lake simunachapeko. Mwana wa womusamalira simunamuberekeko ngakhale pang'ono kuti mayi wake agone.

Namwino uja anasintha muyezo wa mankhwala, ndipo apongozi tsopano akugona bwino. Sachira, tonse tikudziwa. Botolo ndikulisunga m'sutikesi yokiya.

Dzulo ndinagwadanso ndi kajekeseni kanga. Ndinanena mawu amene sindinawanenepo: "Amayi, lonse ayi. Ine sindinatope nanu."

Anamwa. Kenako anapempha kuti ndiwaikire Chisomo pamiyendo.

Lamulungu mukubweranso kudzazonda. Mukubwera kudzandilandira mwanayu, kapena kudzawauzanso kuti andilemera?