Phukusi Lolembedwa Chawanangwa

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo anga, amene anali kalaliki wa boma, anasamutsidwa kuchoka ku Dowa kubwera ku Mzuzu. Tinapatsidwa nyumba yakumapeto pamzere wa nyumba zisanu ndi imodzi ku Ching'ambo. Pofika Disembala tinali tisanazolowere chifunga cha m'mawa, ndipo Chitumbuka chimene ndinkadziwa chinali "monire" ndi "yewo" basi. Ndinkaona kuti n'chokwanira, chifukwa aliyense pamzerepo ankatiyankhula m'Chichewa, ngakhale ankachikoka mwakwawo.

Pamzere wathu tinapeza mwambo. Sabata yoti Khirisimasi ikubwera, makolo ankapangira ana zoseweretsa mobisa m'nyumba ya anyaGondwe, mayi wosoka zovala amene ankakhala nyumba yachitatu. Abambo akaweruka kuntchito ankapinda mawaya kukhala magalimoto, matayala ake a zitsekerero za mabotolo. Amayi ankasoka mipira ndi zidole za nsanza n'kumazidzaza ndi utuchi wa paini. Mpaka lero ndikamva fungo la utuchi wonyowa ndimachiona chipinda chija: zenera lotchingidwa ndi chitenje kuti ana asasuzumire, makina osokera akulira pansi pa phazi la anyaGondwe, mvula ikuwaza padenga. Zinthu zimenezo zinkafika Khirisimasi inayo zisanathothoke. Osati izi za pulasitiki zimene adzukulu anga amagulira ana awo masiku ano, zoti pofika nthawi ya nkhomaliro gudumu lili kwina, mutu uli kwina.

Ana sankaloledwa kulowamo. Ine ndinalowa chifukwa cha kalembedwe kanga. Ankafuna munthu woti alembe mayina pamaphukusi, kenaka madzulo a tsiku loti mawa ndi Khirisimasi awagawe kwa amayi a nyumba iliyonse kuti akawabise mpaka m'mawa. Ntchitoyo ndinaitenga ngati ya boma. Ndinang'amba tsamba pakati pa kope langa la masamu, ndinajambula mizere ndi rula, ndipo ndinalemba mayina a ana onse khumi ndi anayi a pamzerepo, aliyense ndi nambala yake. Tsamba limenelo ndili nalo mpaka lero mufayilo yobiriwira, pakati pa satifiketi yanga ya ubatizo ndi kalata yondilemba ntchito. Anthu amandiseka kuti ndimasunga mapepala ngati mbewa, koma pakabuka mkangano amathamangira kwa ine.

Nambala yachisanu ndi chinayi anali mng'ono wanga Falesi, wa zaka zinayi. Posamuka tinaiwala ku Dowa chidole chake cha chitsononkho, ndipo kuyambira pamenepo ankabereka botolo lopanda kanthu. Nditaona kuti pamulu panalibe chake, ndinafunsa amayi.

"Za Falesi zisakuvute," anandiyankha. "Zakonzedwa kale."

Ndinachonga dzina lake n'kupitiriza.

Masana a tsiku logawa tinakulunga zonse m'mapepala a matumba a simenti n'kumanga ndi ulusi wofiira. Nditasenza dengu kuti ndizituluka, anyaGondwe anandiitana. Anatulutsa phukusi lina kuseri kwa makina, lokulungidwa kale ndi iwo eni.

"Elube, ichi nacho nyamula. Mwini wake ukumudziwa, eti?"

"Eya, amama," ndinayankha.

Sindinkamudziwa. Koma mlembi savomera kuti sakudziwa, ndipo ndinali nditaona kale kuti paphukusipo pali zilembo. Nditatuluka ndinawerenga: CHAWANANGWA.

Mwana wa dzina limenelo ndinkamudziwa. Anali wa zaka ngati zisanu, wowonda miyendo, ndipo ankabwera ndi amayi ake kudzatunga madzi pampopi wathu. Sankakhala pamzere. Ankakhala kuseri kwa mpanda, m'kanyumba ka zidina zosawotcha, ndipo bambo ake, a Nyirenda, ankagulitsa nkhuni panjinga. Ndinapsa mtima kuti akuluakulu awonjezera mwana osandiuza. Ndinatsika dengu pansi pa mtengo wa mapeyala, ndinatulutsa tsamba langa, ndi kulemba pansi penipeni: 15, Chawanangwa. Nditamaliza nyumba za pamzere ndinadutsa pampata wa mpanda, matope akundimata kumapazi, ndi kukapereka.

Amayi ake anayang'ana phukusilo, kenaka ine, kenaka phukusilo.

"Chachokera kuti ichi?"

"Kwa anyaGondwe. Mumupatse mawa m'mawa, osati lero."

Analilandira ndi manja awiri atagwada, ngakhale ine ndinali mwana. "Yewo chomene, mwana wane," anatero, n'kulibisa msanga mkati mwa chitenje.

M'mawa wa Khirisimasi mzere wonse unadzuka ndi phokoso. Anyamata anali atayamba kale kuthamangitsa magalimoto awo m'chifunga, akuliza mahutala ndi pakamwa. Falesi anakhala pamkeka atavala diresi lake lakutchalitchi, manja ali pamiyendo, akudikira.

"Elube," amayi anandinong'oneza, "phukusi la Falesi waliika pati?"

"Si munati zakonzedwa kale?"

"Eya, anyaGondwe anamusokera chidole. Sanakupatse dzulo?"

Tinapita kwa anyaGondwe, ndipo nditafotokoza kumene ndinapereka phukusilo, mayi aja anaseka mpaka kukhala pansi pakhonde, akupukuta misozi ndi duku.

"A Chewa inu! Chawanangwa ndiye kuti mphatso m'chiyankhulo chathu. Ndinalemba kuti ichi n'chaulere, amayi ako asavutike kundifunsa za nsalu."

"Nanga bwanji simunalembe dzina?" ndinafunsa.

"Ndimayesa amayi ako akuuza."

"Ine ndimayesa mumuuza ndinu," amayi anatero, nawonso akuyamba kuseka.

Ine sindinaone choseketsa. Falesi anali atatitsatira. Sanalire. Anangoima pakona ya nyumba, chala chili mkamwa, akuyang'ana atsikana anzake akufananitsa zidole zawo. Akadalira mwina ndikadapirira. Ndinamugwira dzanja, tsamba langa lili kudzanja linalo, ndipo popanda kutsanzika ndinalunjika kumpata wa mpanda kukatenga chimene chinali chathu.

Tinapeza Chawanangwa ali pabwalo, chidole chili kumsana. Anachimanga ndi kansalu kakale, ndipo ankayenda pang'onopang'ono akudzigwedeza monga amachitira amayi ogoneka mwana. Chinali chidole chokongola: maso a mabatani akuda, tsitsi la ulusi loluka, diresi la maluwa achikasu. A Nyirenda anali pampando wa ndalema akupukuta nsapato. Ndinawapatsa moni mwachidule n'kunena mlandu wanga wonse mosapumira, kuti pachitika cholakwika, chidolecho n'cha mng'ono wanga, ndipo ndabwera kudzachitenga.

Bambo aja anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenaka analowa m'nyumba n'kutuluka ndi pepala la simenti lija, ataliwongola bwinobwino.

"Iwe ndiwe wa sukulu. Tawerenga apa."

"Chawanangwa."

"Nanga uyu ndi ndani?" anafunsa akuloza mwana wawo.

"Chawanangwa."

"Papepala lako wanyamulalo, pansi apo, palembedwa chiyani?"

Ndinayang'ana tsamba langa. Zilembo zinali zanga, inki inali yanga.

Sanandinyoze. Anayang'ana Falesi kwa kanthawi, kenaka anapumira m'mwamba. "Ife sitisunga cha eni," anatero. "Ngati n'cha mng'ono wako, tenga. Koma ine sindimumasula. Mumasule wekha."

Ndinayenda masitepe atatu. Chawanangwa sanamve Chichewa chonsecho, koma anamva mapazi anga. Anabwerera chambuyo mpaka msana wake unagunda khoma, chidole chili pakati pa iye ndi zidina, ndipo manja ake onse awiri anagwira mfundo ya pachifuwa. Sanalire nayenso. Anangondiyang'ana. Ndinaima pamenepo, dzanja lili m'malere, ndipo ndinazindikira kuti mfundo imeneyo sindingaimasule. Kubwerera kunyumba ndi Falesi chimanjamanja sindikanathanso.

Ndili chiimire choncho, Falesi anasolola dzanja lake m'dzanja langa. Anapita pakhoma paja, anawerama, n'kukoka kansalu kuti kaphimbe phazi la chidole limene linali panja.

"Mwana wako azizidwa," anatero.

Chawanangwa anamuyang'ana, kenaka anayankha zinazake m'Chitumbuka. Amayi ake, amene anali ataima pakhomo nthawi yonseyi, anatimasulira: "Akuti umugwirire pang'ono, iye akaphike phala." Mwana uja anamasula yekha mfundo ija n'kumupatsa Falesi chidolecho m'manja, akumuonetsa mogwirira mutu. Kenaka anatola chigoba cha chitini n'kuyamba kutakasa matope ndi kamtengo.

Pofika nthawi ya belu loyamba la kutchalitchi nkhani inali itatha popanda ine. Chawanangwa anali mayi wake wa mwanayo, Falesi anali azakhali. Popita kutchalitchi chidolecho anachibereka ndi Falesi, pobwerera anachibereka ndi mnzakeyo. Amayi anaitana banja lonse la a Nyirenda kudzadya nafe mpunga, ndipo bambo anga ndi a Nyirenda anatha masana onse akukangana kuti mbatata yokoma ndi ya ku Dowa kapena ya ku Mzimba.

Ine, pofuna kubweza ulemu wanga, ndinajambula tsamba lina la mizere losonyeza masiku amene chidole chizigona kwathu ndi masiku amene chizigona kuseri kwa mpanda. Palibe amene analitsatira ngakhale tsiku limodzi. Chidolecho chinkagona kumene mvula yachipezera. Chaka chatsopano chitadutsa, anyaGondwe anafuna kusoka china kuti aliyense akhale ndi chake, koma Falesi anakana. "Mwana tili naye kale," anatero.

Ndagwira ntchito yosunga mafayilo mpaka kupuma, ndipo maganizo anga sanasinthe: anyaGondwe analakwa. Paphukusi pamalembedwa dzina la munthu, ndipo ndinawauza zimenezi kangapo konse ali moyo, iwo akungoseka. Koma ndikudziwa tsopano kuti cholakwa chachikulu chinali changa. Ndinafunsidwa ngati ndikudziwa, ndipo ndinati eya chifukwa choopa kuoneka mbuli. Ndinakhala miyezi itatu pakati pa anthu ndikuganiza kuti mawu awiri a chiyankhulo chawo andikwanira. Kuyambira chaka chimenecho ndinayamba kufunsa, ndipo Chitumbuka chimene ndimayankhula lero ndinachiphunzira pampopi paja, kwa amayi ake a Chawanangwa. Ana a kuntchito amene ndinkawaphunzitsa ndinkawauza kuti kufunsa kumatenga mphindi imodzi, pamene kuvomera zabodza kumatha kukutengera kuseri kwa mpanda ndi manyazi.

Komabe ndikadafunsa tsiku lija, mwana mmodzi akadadzuka pa Khirisimasi akungomvera phokoso la anzake kuseri kwa mpanda. Pa zolakwa zonse zimene ndachita m'moyo wanga, chimenechi chokha, ngakhale atandipatsa mwayi, sindingachikonze.