Kampopi ka Azakhali

Alamu anga, achemwali awo a bambo a mwana wanga, amagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala. Ndi aatali, oyankhula mosathamanga, ndipo mano awo ndi oyera ngati mbale zosungira alendo. Awiri akutsogolo ndi oikirira. Enieniwo anaguluka atagwa pa njinga ali mtsikana, ndipo anakhala zaka zambiri akuseka dzanja lili pakamwa. Chiikireni atsopanowa, amaseka mpaka a kutsidya kwa msewu kutembenuka. Alibe mwana. Ali ndi wanga.

Mwanayo timamutcha Kambewa, chifukwa shuga ngakhale umubise bwanji amamupeza. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Azakhali ake akangogogoda, amasiya mbale, amasiya ine, n'kukadzikoleka m'khosi mwawo.

Dzino lake lakumbuyo litabooka, dokotala analimata, n'kunena kuti zakudya zikutsalira pakati pa mano pomwe mswachi sufika. Ulusi wotsukira m'mano tinauyesa, Kambewa anandiluma chala. Dokotala anati tiyese kachipangizo kothira madzi mwamphamvu m'mipata ya mano.

Apongozi atamva za dzinolo sanakweze mawu. Anangoti, "Mwana akulera mwana mnzake. Likabookanso lina, Kambewa akakhale kwa azakhali ake." Bambo ake amayendetsa galimoto ya katundu maulendo aatali. Nditawauza pafoni anangoti, "Tiona." 

Kokasankha kachipangizoko tinapita kusitolo kwa alamu. Iwo safunsa wogula chimene akufuna, amafunsa mmene nyumba yake ilili. Anandanditsa mabokosi atatu pakauntala.

"Kubafa kwanu kuli soketi, amake Kambewa?"

"Mukudziwa kale, alamu. Bafa lake logawana ndi aneba lija."

Poti soketi kulibe, anachotsapo kokhala ndi chingwe. Kachiwiri kanali ndi thanki yaikulu. Anakadzaza madzi n'kumugwiritsa Kambewa, kadzanja kake n'kuyamba kunjenjemera.

"Aka n'ka anthu onyamula matumba a simenti," anatero, Kambewa n'kufa nako kuseka.

Kachitatu kanali kakang'ono, kopanda chingwe, kotchaja ndi tchaja ya foni, batani lake lotha kuchepetsa kapena kuwonjezera mphamvu ya madzi. M'bokosimo munali timilomo tiwiri tosinthanitsa. Maso anga anakakamira pamenepo. Kamodzi n'ka Kambewa. Nanga kachiwiriko n'ka ndani? Kubafa kwa alamu kuli kale kamswachi ka mwana wanga ndi kathaulo kake. Ndinati basi, akumukonzera malo pang'onopang'ono.

"Ndibwera Loweruka kudzakuonetsani," anatero. "Musakayambe nokha."

Sindinadikire. Ndinkafuna Loweruka adzatipeze tikudziwa kale, asowe chophunzitsa. M'mawa mwake, mwana atavala yunifomu, ndinathira madzi ozizira a pampopi, n'kuika batani pa mphamvu yomaliza. Ndinkaganiza ngati pochapa: litsiro limamva mphamvu.

"Yasamula kwambiri, ngati kwa adokotala."

Madzi anamenya nkhama n'kubwerera m'maso mwanga, pagalasi, payunifomu. Kambewa anakuwa, n'kulavula malovu ofiira.

"Ndikufuna azakhali! Inu simutha!"

Mayi wa khomo loyandikana, amene ankadikira bafa, anasuzumira thaulo lili paphewa. "Mukutsuka mano kapena mukuzimitsa moto, aneba?"

Sindinaseke. Ndinkangoona magaziwo, n'kumaona apongozi akulongedza zovala za mwana wanga. Ndinaimbira munthu yemweyo amene sindinkafuna kumuimbira.

Alamu anafika asanatsegule sitolo, atavala kale chovala chawo choyera cha kuntchito. Anakweza mlomo wa Kambewa ndi chala, n'kuyang'ana.

"Palibe chilonda apa. Mbewa yanji yoopa madzi?"

Anataya madzi ozizira aja, n'kuthira ofunda, n'kubweza batani pa mphamvu yochepa. Ndinkadikira kuti amugwire mwanayo chibwano ine ndikuonerera. Koma anazula kamlomo kaja, n'kulowetsa kachiwiri, n'kundipatsira ine.

"Yambani inu. Aka n'kanu."

"Kanga?"

"Mswachi wanu ndimauona, amake Kambewa. Umakhala wofiira ndi magazi. Ndiponso kuseka mutatseka pakamwa ndimakudziwa, ndinayamba ndine. Weramirani pabeseni, milomo muitseke pang'ono, madzi azituluka okha."

Ndinawerama, madzi akuchucha pachibwano ngati mwana wongomera mano. Kambewa, misozi isanaume, anayamba kuseka. "Amama akutuluka dovu!" Kenako anakankha dzanja langa kuti nayenso ayese. Alamu anabwezera kamlomo kake, n'kubwerera m'mbuyo mpaka pachitseko, manja atapinda. Wogwira ndinali ine.

Powaperekeza ndinafunsa, "Mukawauza amayi?"

"Ndikawauze chiyani? Kuti mwatsuka galasi?" Anakonza kolala. "Ine ndimafuna mwana wobwera Loweruka n'kubwerera Lamlungu. Wolira m'mawa uliwonse n'ngwanu, musandipatse."

Kambewa akadali kwathu, ndipo dzino lina silinabooke. M'mawa uliwonse ndine ndimafunditsa madzi, ndine ndimatchaja, ndine ndimapukuta beseni aneba asanadandaule. Koma kachipangizoko amakatcha kampopi ka azakhali. Tikamaliza sandionetsa ine manowo. Amanditengera foni, n'kuwalitsa mano onse, n'kuti, "Jambulani, muwatumizire."

Ndimajambula. Koma nthawi zina chithunzicho ndimayamba ndachisunga mpaka masana, chikhale changa kaye.