Foni Iliyonse ndi Dzina la Mwana

Moni nonse. Kodi ife okhala kunja tingathandize bwanji kwathu, kupatula kutumiza ndalama?

Lero kuno ku Al Mirqab, kumene ndimagwira ntchito ya ulonda, mlonda mnzanga Habimana wandipempha kukonza mafoni akale amene Anyarwanda anzake asonkha, popeza ndinaphunzira zamagetsi. Akuwatumiza kwawo kuti ana aziphunzirirapo, poti sukulu zatsekedwa chifukwa cha Covid.

Pa foni iliyonse amatapo kapepala ka dzina la mwana ndi kalasi yake. Powerenga mayinawo ndakumbukira Tadala, mwana wathu wa Fomu 4, amene sindinamuone zaka zitatu tsopano. Mtima unabwerera kumudzi.

Mwa mafoni 23, ndakonza 19. Ine yakale ndili nayo imodzi yokha. Amalume, ndimutumizire Tadala, kapena ipite kwa aphunzitsi kuti ithandize kalasi yonse?