Mphira za m'boti la a Goliati

Alamu anga a Goliati ndi munthu wamfupi, wochepa thupi, ndipo amene anawapatsa dzinalo sindidziwa kuti ankaganiza chiyani. Kwawo ndi ku Jenala. Atakwatira achemwali anga a Magret anabwera kudzakhala pamudzi pathu, kufupi ndi doko la Swang'oma pa nyanja ya Chilwa, monga achitira mkamwini aliyense kuno. Chibwerere sindinawaonepo atakhala pansi mpaka kumaliza kapu ya tiyi. Mukawapatsa mpando amayamba kuugwedeza kuti aone mwendo umene walobodoka. Kutchalitchi amakhala pafupi ndi khomo. Pamaliro ndiwo amayamba kukumba manda, ndiwonso amayamba kung'ung'udza kuti abusa atalikitsa.

Kuno munda ndi wa mkazi. Nyumba ngakhale uimange ndi manja ako, yaima pa dothi la mkazi, ndipo ana ndi a kuchikazi. Banja likatha, mwamuna amamangirira bulangete panjinga n'kumapita. Ambirife tinazolowera, inenso ndili pa chikamwini mudzi woyandikana nawo ndipo ndimagona tulo. Koma a Goliati zinkawayabwa tsiku ndi tsiku. Chinthu chimodzi chokha ndicho chinali chawochawo: boti la matabwa limene anakhoma okha asanakwatire, atakoka makoka a eni ake zaka zambiri. Palibe m'bale wa a Magret amene akanaloza botilo n'kunena kuti munalipeza pano.

Ntchito yawo inali yonyamula amayi ogula nsomba kuchoka padoko kupita ku zimbowera, tinyumba toyandama tija timene asodzi amamanga pakati pa bango, n'kubwerako ndi madengu a matemba ndi milamba. Tsono mlamba ndi nsomba yoterera. Pansi pa boti pankakhala pa thererethere, ndipo tsiku lina mayi wina anagwa chagada, dengu lonse n'kukhuthukira m'madzi. Anawatukwana a Goliati mpaka kumtunda. M'mawa mwake iwo anakwera matola wa ku Limbe, nabwerako atapinda mphira zakuda zimene anakanganula pansi pa basi yakufa. Anaphika phula m'chitini, nalipaka pa matabwa, n'kumata mphirazo boti lonse, m'mbali akukhomera timisomali. Kuyambira pamenepo amayi ankalimbirana boti lawo, chifukwa munthu ankatha kuimamo ndi dengu pamutu osaterereka.

Zinayenda choncho zaka ndithu, mpaka chaka chija chotsatira chisankho choyamba cha matipate ambiri, pamene nyanja inauma. Inayamba kuthawa pang'onopang'ono, doko likusunthira m'kati, kenaka kunangotsala matope ong'ambika mpaka kumene maso alekezera. Anthu ankapalasa njinga pamene kale tinkakankha boti ndi nsungwi. Akuluakulu ankati zinachitikapo kale ndipo madzi adzabwera okha. Eni maboti anachita zimene makolo ankachita: anamata maboti awo ndi matope, kuwafunditsa bango kuti dzuwa lisang'ambe matabwa, n'kuwasiya pomwepo. Ena anapita kukasodza ku Malombe, ena anagwira khasu.

A Goliati nawo anafunditsa lawo, ndipo achemwali anasangalala kuti chaka chino bambo alima nawo. Analimadi. Mizere yawo inali yokhota chifukwa cha liwiro, ndipo dzuwa likangokwera pang'ono ankaimika khasu n'kumayang'ana kumene kunali nyanja. Kenaka anayamba kusowa. Mam'mawa ali m'munda, masana njinga palibe.

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala achemwali anandiitanitsa. Anandipatsa chinangwa chophika ndi nyemba za kalongonda m'kambale, nati ndikawapatse alamu anga ndipo ndikaone chimene akuchita kumatopeko, popeza akumabwera manja ali bii, zovala zikununkha palafini.

Ndinawapeza patali, utsi ukufuka. Bango lonse anali atalichotsa, matope atawagumula, boti lili pamtetete dzuwa likuswa mtengo. Pambali anasonkha moto, pamotopo ataika khasu lakutha lopanda mpini. Likafiira ankalipana ndi timitengo n'kulikhazika pa mphira kuti phula la pansi lifewe, kenaka n'kulowetsa chikwanje m'mphepete, n'kumakanganula. Mphira zija zinali zitatha ndithu, zosweka, zina zitapindika m'makona. Phula lotsalira pa thabwa ankalinyowetsa ndi kansanza ka palafini n'kumalipala ndi kasemasema.

"Alamu, mwatani kodi?" ndinawafunsa. "Anzanu onse afunditsa, inu mukuvula?"

"Madzi akamabwera andipeze ndakonzeka," anayankha osadzutsa mutu. "Mphira izi zatha. Ndichotse zonse, ndipale, ndimate zina. Ndizingokhala ngati ndafa?"

Ndili pomwepo anafika a Stafford, mnzawo wa padoko amene boti lake linali chapafupi, atabwera kudzaona ngati mbuzi sizinasasule bango. Anafika nthawi imene a Goliati ankakoka mphira yaikulu ya pakati. Inakana, iwo anaponda ndi mwendo n'kukoka ndi mphamvu, ndipo inamatuka pamodzi ndi nyama ya thabwa. Kunatuluka fungo la chivunde. Zaka zonse zija madzi ankalowa pansi pa mphira osatulukanso, ndipo thabwa linali litafewa ngati chinangwa choviika. A Stafford analowetsa chala, chala n'kulowa.

"Achimwene, imani pomwepo," anatero a Stafford. "Bwezeranipo mphirayo, muthire phula lambiri, mufunditse. Boti ili likugwiridwa ndi phula lomweli. Mukalisiya liyenda zaka ziwiri kaya zitatu, nsomba zikabwera mudzagula matabwa mudzasinthe limodzilimodzi. Mukapala lonse pa dzuwa ili, mulibe boti."

"Ndiye ndizinyamula anthu pa chinthu chovunda ndikudziwa?"

"Dzana simunkanyamula? Maboti onsewa mukuwaona ndi abwino pansi? Timasenda malo amodzi, thabwa latsopano lili pambali. Inu thabwa muli nalo?"

Analibe. Chaka chimenecho panalibe amene anali ndi kanthu. A Goliati anayang'ana bowolo nthawi yaitali, ndipo ine ndinaganiza kuti amva. Anadya chinangwa chimodzi ataimirira. Kenaka anati angoona mphira yotsatira yokha, kuti adziwe pamene kuvunda kwalekezera.

Ndinapsa mtima, ndipo ndinawauza. Ndinati alamu, vuto lanu si boti, vuto lanu ndi manja anuwo, akanakhala omasula tikanawasungira achemwali m'dengu mpaka mvula. Anaseka pang'ono, khasu lili kale pamoto. A Stafford anapukusa mutu n'kukwera njinga yawo.

Mphira yotsatira inabala inzake. Munthu amene waona chivunde pansi pa mphira imodzi sangagone osadziwa za pansi pa zinazo, makamaka munthu wake akakhala a Goliati. Masabata amenewo kumunda sanapondeko. Ankalawira ndi botolo la palafini, n'kubwera madzulo zala zili matuza okhaokha. Achemwali analankhula mpaka anatopa. Ine ndinapitakonso kawiri, ndipo ulendo uliwonse ndinkapeza mulu wa mphira wakula, boti likucheperachepera. Pamene thabwa linali lolimba ankapala mpaka liyere. Pamene linali lofewa, kasemasema ankangopitirira. Ndipo matabwa abwino aja, atavulidwa phula, dzuwa linawaumitsa mpaka anayamba kung'aluka m'misomali.

Ulendo wachiwiriwo ndinawapeza atamaliza. Munalibe kachidutswa ka mphira kapena dontho la phula, ntchito yaukhondo ndithu. Anali atakhala pa mphuno ya boti, miyendo ili m'kati, akuyang'ana pansi. Ndinasuzumira, ndipo ndinaona matope ong'ambika a nyanja kudzera m'mipata ya matabwa, mwina moti n'kulowetsa dzanja. Aka kanali koyamba kuwaona atakhala chete osagwira kanthu, ndipo sindinakondwere nazo. Ndinawamvera chisoni kwambiri, mawu onse onyoza amene ndinabwera nawo anandithera.

"Linali litafa kale, alamu," anatero. "Ine ndangoliona."

Mvula itabwera yokwanira, madzi anabwerera. Anthu anasasula bango, maboti anamwa madzi, matabwa n'kufufuma, ndipo limodzilimodzi anayamba kuyandama. La a Stafford linkachucha, koma ankakapa ndi chigubu n'kumayenda. La a Goliati madzi anangolowa n'kulidutsa, linakhala pomwepo mpaka linamira, mphuno yokha ikuoneka. Matemba atayambanso kugwidwa, amayi aja ankafika padoko n'kumafunsa kuti boti la mphira lija lili kuti.

Miyezi imeneyo pakhomo pa achemwali panalibe mtendere. A Goliati ankalima ngati akumenyana ndi munda. Anasasula denga la khitchini lomwe silinkadontha. Anamasula njinga yonse n'kuimanganso. Akamva ana akunena kuti "munda wa amayi" ankatuluka panja. Kenaka anayamba kunena zopita ku Mulanje kukathyola tiyi, mwina kubwerera kwawo ku Jenala, kuti pano palibe chimene akudikira.

Achemwali anga salankhula zambiri. Tsiku lina m'mawa anthu awiri ocheka matabwa anafika ndi sowo yawo, ndipo a Magret anawatsogolera kumalire a munda, pamene panali mtengo waukulu wa mbawa umene unali wa malemu amayi athu. Anandiitana kuti ndikhalepo ngati mwini mbumba, ndipo ndinavomera. A Goliati anabwera akuthamanga atamva nkhwangwa.

"Mayi, mukudula mtengo wa amayi anu chifukwa chiyani?"

"Matabwa a boti," anatero a Magret. "Mwandizunguza mutu mokwana, bambo. Pitani kunyanja."

Munthu wina akanavina. A Goliati anaima, nkhope itagwa, chifukwa ankadziwa chimene ife tonse tinkadziwa. Thabwa lochokera m'munda wa mkazi ndi la mkazi, ngakhale ulikhome ndi misomali yako. Anati iyayi, adzapeza okha matabwa. A Magret anafunsa kuti liti. A Goliati anazungulira mtengowo, nabwerera kunyumba, natulukanso. Pamene mbawa inkagwa anali atagwira kale chingwe, akukalipira ochekawo kuti aigwetsera kolakwika.

Boti latsopanolo analikhoma bwino kuposa loyamba, ndipo anthu anadabwa ndi liwiro limene analikhomera. Tsiku loliika m'madzi ndinali padoko. Linayandama mowongoka, osalowa ndi dontho lomwe, ndipo amayi anayamba kukweza madengu. Panali mayi wina wachilendo wochokera ku Migowi, amene anayamba geni ya nsomba chaka chomwecho. Atakhala pansi anasisita thabwa, nayang'ana a Goliati amene anaima kumbuyo ndi nsungwi yawo.

"Koma ndiye ndi lokongola. Ndi lanu, abambo?"

A Goliati anayang'ana ine, kenaka anazika nsungwi m'matope.

"Ndi la akazi anga," anatero. "Ine ndimangoyendetsa."

Anakankha, boti n'kuchoka padoko.